Anandigwiranso Phazi Lachinayi

1

Ine si mkazi wansanje ayi. Ndimangokonda kudziwa zinthu msanga, mwini wake asanaganize zondiuza.

Amuna anga ndi dalaivala wa basi ya maulendo ataliatali, ndipo pakhomo pathu aliyense, ngakhale mayi awo owabereka, amawaitana kuti a Dalaivala. Chaka chatha basi yawo inaphulika tayala pamtsetse n'kukagwera m'ngalande. Palibe anamwalira. Iwo anathyoka mwendo, koma atatuluka m'chipatala ndinaona kuti chothyoka sichinali mwendo wokha. Munthu amene kale ankaimba m'bafa mpaka aneba kudandaula anayamba kubindikira kuchipinda, makatani otseka, ndipo galimoto ikaliza hutala pamsewu ankadzidzimuka n'kutaya kapu. Kampani yawo inati chiwongolero adzachigwiranso pokhapokha achipatala cha matenda a maganizo atavomereza kuti mutu wakhazikika.

Kuwapititsa kuchipatalako inali ntchito ya thukuta. Ankati iwo si amisala. Potsiriza anapita chifukwa cha chiwongolerocho, pakuti munthu uyu basi amaikonda mwina kuposa ine, ndipo zimenezi ndinazivomereza kalekale.

Kumeneko anawaikira m'foni tsamba la odwala la pa intaneti. Umalowa ndi nambala yachinsinsi kapena ndi chala, n'kuona tsiku lokakumana ndi mlangizi, mankhwala ako, komanso malo olemberana mauthenga ndi mlangiziyo. M'mawa uliwonse tsambalo limafunsa mmene wadzukira, iwe n'kusankha kankhope kosekerera, kongoyang'ana, kapena kolira. Mlangizi amaona zonsezi ali phee mu ofesi mwake.

A Dalaivala anandipempha chinthu chimodzi chokha.

"Mayi, m'matumba mwanga pisani mmene mumapisiramo. Koma umu ayi."

Ndinalumbira. Ndipo lumbirolo ndinalisungadi kwa nthawi imene, kwa munthu ngati ine, inali yaitali.

2

Nthawi yonseyi tinali ndi apongozi anga, mayi awo a a Dalaivala, amene anabwera kudzathandiza matenda n'kuiwala njira yobwerera. Ndi mayi wamasiye, wamapemphero, womanga duku mpaka m'nsidze. Kuseka amaseka pa chaka kamodzi, ndipo amati mafuta onunkhira ndi a anthu osasamba. Foni ya a Dalaivala itasweka galasi tinagula ina n'kuikamonso tsamba lija, yakaleyo n'kuwapatsa apongozi kuti azimverapo nyimbo zauzimu ine ndikamasoka mayunifolomu pakhonde, poti phokoso la mashini anga ankati limawasokoneza kusinkhasinkha.

Miyezi itapita, kuchipatala kunachokera nkhani yabwino. Anati tinkhope ta a Dalaivala takhala tikusekerera mosalekeza, ndipo kumapeto kwa mwezi akakumane ndi mlangizi komaliza kuti nkhani ya chiwongolero ithe. Ine ndinavina pakhonde. Yunifolomu yawo ya kuntchito ndinaichapa n'kuisita ngakhale inali yoyera kale.

Tsono Lamulungu lina masana, a Dalaivala atagona pampando pakamwa pali yasa, foni yawo inanjenjemera patebulo. Ine sindinaigwire. Inangoyaka yokha maso anga ali pomwepo, ndipo maso alibe chitseko. Panalembedwa kuti uthenga wachokera kwa mlangizi: "Kodi munthuyo mwamuuza kuti mumamukonda?"

Munthu uti? Ine anandiuza kale zimenezo tisanakwatirane, ndipo kuyambira pamenepo amati mawuwo akadagwirabe ntchito.

Ndinatenga foni ija, ndinatenganso chala chawo chachikulu mwaulemu wonse, n'kuzikumanitsa. Iwo anangoti mkonono n'kutembenuka. Tsamba linatseguka, ndipo ndinawerenga nditaimirira.

"Lachinayi ndinapitanso. Anandigwiranso phazi kuti alione bwino. Mtima unagunda ngati wa mwana wasukulu."

"Manja ake amanunkha guluu, koma ine fungolo ndayamba kulikonda."

"Ana anga akamva adzati ndapenga pa msinkhu uno."

"Kunyumba sindingauze munthu. Kuli wailesi yosazima."

Pansi pa uthenga uliwonse mlangizi ankayankha modekha kuti chikondi si matenda, ndipo ankafunsa kuti phazilo likagwidwa mumamva bwanji.

Ndinapsa mtima mpaka m'makutu munalira. Lachinayi lililonse a Dalaivala amapita ku mafizo, kumene amawawongola mwendo wothyoka uja. Apo nkhani ya phazi inali yomveka. Guluu ndinati ndi wa zikhadabo zomata zija amavala atsikana a masiku ano. Koma ana? Wathu wamkulu wangoyamba kumene sukulu, wamng'ono akadali pa thewera, sangauze munthu kuti wapenga. Ndiye kuti panalinso ana ena kwina, akuluakulu, odziwa kuyankhula. Za wailesi zokha sindinavutike kumasulira.

3

Mlandu wotere sumenya wekha. Ndinapita kukhitchini kumene apongozi ankapukuta mbale, n'kutseka chitseko.

"Amayi, mwana wanu ali ndi chibwenzi."

Anati Mulungu atikhululukire, n'kufunsa kuti ndamva kwa ndani. Nditawauza kuti ndawerenga patsamba la kuchipatala lija, mbale inawapulumuka n'kugubuduka mpaka pansi pa kabati. Sanaitole.

"Wawerenga mpaka pati, mwananga?"

"Mpaka pansi, amayi. Ena ndawerenga kawiri."

Anakhala pampando, anamasula duku n'kulimanganso, thukuta lili kamukamu. Ndinayembekezera kuti adzuka n'kukamuthira madzi mwana wawo pampando paja, chifukwa mayi awa anatulutsapo mlendo m'nyumba kaamba koimba mluzu. M'malo mwake anayamba kundilalikira za kuleza mtima. Anati za m'mafoni sizoti munthu uzikhulupirire. Anati mwina wolembayo ngosungulumwa chabe, ndipo kugwidwa phazi si tchimo lolembedwa paliponse. Anandipempha kuti nkhaniyi ithere m'khitchini momwemo.

Ndinawayang'ana n'kuti mumtima, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mayi ndi mayi basi, mwana wake angabe ng'ombe iye amati chingwe ndi chimene chinamutsata.

Ndinawauza kuti mkaziyo ndimupeza ndekha, ndipo tsiku lomugwira iwo adzakhala mboni yanga. Apongozi anati mutu wayamba kuwapweteka, n'kukagona dzuwa likuswa mtengo.

4

Lachinayi linafika. A Dalaivala ananyamuka ndi ndodo yawo, ine n'kunena kuti ndikukagula ulusi. Ndinkafuna kukaonekera pamaso pa mdani wanga nditatchena, koma nsapato zanga zabwino sindinazipeze. Apongozi anali atapita nazo kokonzetsa, chizolowezi chawo chatsopano. Nsapato iliyonse ya m'nyumba mwathu, yong'ambika ndi yosang'ambika, inali itasokedwapo kale. Choncho kunkhondo ndinapita ndi diresi la ukwati wa mchemwali wanga komanso masilipasi.

Ku mafizo ndinadutsa mlembi wa pakhomo ngati sindikumuona. M'chipinda chachiwiri ndinamva mawu a amuna anga akubuula kuti pang'onopang'ono, chonde, pang'onopang'ono. Ndinakankha chitseko.

Anali chagada pabedi lalitali, nkhope itakwinyika ngati akuzulidwa dzino. Kumiyendo kunali mtsikana woonda, wamagalasi, atagwira phazi lawo ndi manja awiri n'kumalipinda.

Sindinatukwane, ndine munthu woleredwa. Ndinamupatsa moni mtsikanayo, n'kumupempha kuti ndinunkhize manja ake. Anandipatsa, mwina chifukwa chothedwa nzeru. Ankanunkha mafuta othowera, aja olowa m'mphuno mpaka kutulutsa misozi. Zikhadabo zake zinali zowenga kuposa zanga.

"Guluu mumasunga kuti?" ndinamufunsa.

Iye anayang'ana a Dalaivala n'kuwafunsa motsitsa mawu ngati ine ndine wodwala wa mbali inayo ya chipatala, ya matenda a maganizo. A Dalaivala anaphimba nkhope ndi thaulo n'kunena kuti ndine mkazi wawo. Mlonda ndi amene anandiperekeza mpaka pageti, mwaulemu ndithu, akundigwira chigongono.

Kunyumba amuna anga anandifunsa chimene chandilowa. Sindikanayankha popanda kuulula za chala chija, choncho ndinasankha kukhala chete. Chete wanga ankamveka mpaka kumsewu. Mapoto ankagundana okha, zitseko zinkadzimenyetsa, ndipo mashini anga ankasoka ngati akuthamangitsa wakuba. Mkazi wa guluu ndinali ndisanamupeze, koma ndinadziwa kumene kuli munthu womudziwa.

5

Tsiku lokakumana ndi mlangizi ndinanena kuti tonse tipita. A Dalaivala sanakane, poti achipatala anati pa tsiku lomaliza achibale akhoza kukhalapo wodwala akalola. Apongozi anati mawondo awo sakulola. Ndinaitana takisi mpaka pakhomo n'kuwakweza ndekha.

Mlangiziyo anali mnyamata wofatsa, wa mtundu wa anthu amene amagwedeza mutu usanayambe n'kuyankhula komwe. Mu ofesi mwake munali mipando yofewa, duwa lapulasitiki ndi bokosi la timapepala topukutira misozi, limene ndinaliyandikitsa kwa ine. Anayamba ndi kuyamikira a Dalaivala kuti asintha kwambiri, ndi kuti mtima wawo watsegukanso ku zinthu zokoma za moyo.

"Zokomazo dzina lake ndani?" ndinafunsa.

Mlangizi anati sangakambe zolembedwa patsamba popanda chilolezo cha mwini wake. A Dalaivala anadabwa n'kunena kuti awerenge chilichonse, iwo sanalembepo kanthu. Mnyamatayo anatembenuza kompyuta kuti awerenge okha. Ndinkawayang'ana milomo ikuyenda. Atafika pa guluu anachotsa chipewa n'kukanda pamutu.

"Izi si zanga. Sindinazionepo chibadwire."

Ine ndinaseka chiseko choipa. Koma mlangizi sanaseke. Anasiya kugwedeza mutu, n'kufunsa ngati a Dalaivala amaiwala zinthu zimene achita, ngati nthawi zina amapezeka pamalo osadziwa mmene afikirapo. Kenako ananena mosamala kuti ngati munthu akulemba mauthenga ochuluka chotere n'kusakumbukira ngakhale umodzi, ayenera kuonedwa ndi dokotala wamkulu, mankhwala awunikidwenso, ndipo za chiwongolero ziyambe zaima.

Apa ndi pamene ndinaona amuna anga akuwerengera mumtima. Anayang'ana ine, anayang'ana kompyuta, anayang'ana pawindo kumene kunkadutsa basi. Mbali iyi kunali ukwati, mbali inayo chiwongolero. Sanachedwe n'komwe.

"Ndakumbukira," anatero. "Ndine ndinalemba. Ndili ndi chibwenzi."

Ngakhale ndinabwerera zomwezo, mawuwo anandilasa. Misozi inatuluka yeniyeni, ndipo ndinamva kuti nyumba imene ndinaisamala chaka chonse cha matenda yandigwera. Ndikulira ndinafunsa dzina la mkaziyo. Anati amangoitanana kuti iwe. Ndinafunsa kumene amagwira ntchito. Anaganiza kaye, n'kunena kuti ku fakitale ya guluu. Nditafunsa za ana akuluakulu aja anati nawonso ali bwino, akupereka moni.

Mlangizi anali akudinadina pa kompyuta yake. Anati pali chinthu chimene anayenera kuyang'ana kalekale: tsamba la a Dalaivala linali lotsegula pa mafoni awiri. Anapempha kuti tonse tikhale chete, atumize uthenga woyesera.

Foni yoyamba inalira m'thumba la a Dalaivala.

Yachiwiri inalira pachifuwa pa apongozi, mkati mwa bulauzi, mmene amasungamo zinthu zawo zofunika.

6

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Apongozi anayang'ana kudenga ngati kuliraku kwachokera kumeneko. Mlangizi, posafuna kulakwitsa, anatumizanso uthenga wina, ndipo chifuwa chinaliranso.

Anapisa dzanja, anatulutsa foni yosweka galasi ija n'kuiika patebulo. Kenako anatembenukira mwana wawo.

"Iwe khala chete. Chibwenzi ungachipeze kuti iwe? Mkazi uyu ndinachita kukakuyankhulira ndine."

Ndiyeno zonse zinatuluka. Munthu wa guluu anali bambo wosoka nsapato amene amakhala pansi pa ambulera pafupi ndi pokwerera basi, wamasiye nayenso, wa magalasi omanga ndi ulusi. Tsiku loyamba apongozi anapita ndi nsapato yodukadi lamba. Bamboyo anagwada, anawagwira phazi kuti ayeze, n'kunena kuti phazi lotere silinayenere kuyenda pa nsapato yotopa. Kuyambira pamenepo nsapato za m'nyumba mwathu zinayamba kudwala Lachinayi lililonse, tsiku limene mwana wawo amachoka ndipo ine ndimatanganidwa. Zitatha zonse, anayamba kumasula okha ulusi ndi lumo.

A Dalaivala anafunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani analemba zimenezi patsamba la chipatala, m'dzina lawo. Apongozi anati iwo za tsamba sankazidziwa. Foni itafika m'manja mwawo, m'mawa wina inangowafunsa kuti mwadzuka bwanji lero. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti ikufunsa iwo.

"Chimwalirireni bambo ako, ndani anandifunsapo zimenezo n'kudikira yankho? Inu mumafunsa mukudutsa. Iyi inafunsa n'kudikira. Ndinaiyankha, ndipo munthu wa mkatimo anandiyankhanso mwaulemu."

Anati patapita nthawi anazindikira kuti munthu wa mkatimo akuganiza kuti akucheza ndi mwana wawo, koma pamenepo nkhani inali itafika pokoma, ndipo analibe kwina kokaitula.

Ine misozi inasanduka chiseko. Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba, ndikufunsa apongozi ngati kugwidwa phazi kulidi kosalembedwa paliponse. Iwo anakoka duku mpaka m'maso. Ukwati wanga unali wabwerera, ndipo ndinali wokonzeka kupita kunyumba.

Mlangizi yekha ndi amene anali asanamalize. Anapepesa kuti sanazindikire msanga, kenako anafunsa apongozi ngati tinkhope ta m'mawa tija ankasankhanso ndi iwo. Anavomera. Anati ankasankha kosekerera tsiku lililonse, ndipo Lachinayi ankadina kawiri.

"Nanga inu, bambo, munasankhapo liti komaliza?" mlangizi anafunsa a Dalaivala.

A Dalaivala anayang'ana chipewa chimene chinali m'manja mwawo. Anati tsambalo anasiya kulitsegula kalekale, foni yatsopano isanabwere n'komwe. Likawafunsa mmene adzukira sankapeza kankhope kofanana ndi zimene zili mumtima mwawo. Atamva kuti achipatala akuti akuchira, anadabwa, koma anangokhala chete poti chiwongolero chinali chikuyandikira.

"Tayala lija limaphulikabe," anatero. "Ndikangotseka maso, limaphulika."

Chiseko chinandithera pakamwa. Chimwemwe chonse chimene achipatala ankachiyeza, chimene ine ndinachivinira pakhonde, chinali cha mayi wokalamba wogwa m'chikondi. Mwamuna wanga anali akadali m'ngalande muja, ndipo ine ndinkagona naye bedi limodzi osadziwa. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

Mlangizi anati za chiwongolero ziyamba zadikira, ndipo ayambiranso bwinobwino. A Dalaivala sanatsutse. Anangopempha kuti nambala yachinsinsi isinthidwe, ndipo zolowa ndi chala zichotsedwe. Ponena za chalazo sanandiyang'ane, ndipo kusandiyang'anako kunandipweteka kuposa kukalipiridwa.

7

Inu owerenga, makamaka akazi anzanga amene muli ndi maso akuthwa ngati anga, musaganize kuti ndikuuzani zoti musiye kufufuza. Ndikudziwa kuti simungasiye. Ndingokuuzani kuti ine ndinafufuza foni, ndinanunkhiza manja a mwana wa eni, ndinakweza nkhalamba m'takisi mokakamiza, koma munthu amene ndinkamufufuzayo sindinakhale naye pansi n'kumufunsa. Safunsa anadya phula. Ndipo mukamapatsa wachibale foni yakale, yambani mwatulukamo m'zinthu zanu zonse, chifukwa simudziwa amene ali ndi nkhani yosowa koitula.

Achipatala anawatsegulira apongozi tsamba lawolawo, ndi mlangizi wawo wamkazi. Bambo wa nsapato uja tsopano amabwera kunyumba atavala jekete, n'kukhala pakhonde maondo ali pamodzi, a Dalaivala n'kumamufunsa mafunso ngati wapolisi.

A Dalaivala sanabwererebe kuntchito, ndipo sindikudziwa kuti adzabwerera liti. Sabata yatha anandipempha kuti ndiwaperekeze kukakwera basi, koyamba chichitikireni ngozi. Tinakhala mpando wakutsogolo, kumbuyo kwenikweni kwa woyendetsa. Basi itayamba kutsika mtsetse anandigwira bondo mwamphamvu mpaka linachita dzanzi, maso ali gwa pamsewu. Ndinawafunsa ngati titsike. Anapukusa mutu.

"Ayi, mayi. Ingokhalani pomwepo."

Tinapitirira malo athu otsikira, ndipo sindinawauze.